Tikonzekere bwanji madzi osefukira ife okhala pa lendi pafupi ndi Lingadzi?

Mayi wa ku Mtandire:
Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhalitsa mu Lilongwe muno. Ine ndi ana anga atatu tinasamukira ku Mtandire mwezi wa June, ndipo nyumba imene tikukhala ndi ya zidina, ili kumunsi moti munthu ukaima pakhonde umaona mabango a mumtsinje wa Lingadzi. Anzanga oyandikana nawo anandionetsa mzere wakuda pakhoma lina, wofika m'chiuno, n'kundiuza kuti ndi pamene madzi analekeza mu 2017. Eni nyumba ndinawauza za mng'alu umene uli kuseri, koma akungoti adzaona. Popeza chizimalupsa chagwa kale ndipo ndalama zosamukira ndilibe, ndingachite chiyani mvula isanakhazikike?

Bambo wa ku Area 49:
Mayi, choyamba dziwani kuti Lingadzi sadikira kuti mvula igwe padenga panu. Ikhoza kugwa yambiri kumtunda inu mukuona nyenyezi, madzi n'kukupezani muli m'tulo. Choncho madzulo aliwonse muziuyang'ana mtsinjewo, ndipo mukaona kuti madzi afiira, akukokolola mapesi ndi zinyalala komanso akumveka mkokomo, musadikire kuti afike pakhomo. Muzimveranso pawailesi machenjezo a nthambi yoona zanyengo.

Gwirizanani ndi anzanu apafupi za chizindikiro chodzutsirana usiku, kaya ndi wezulo kapena kuimba chitsulo, ndipo musankhiretu malo okwera othawirako monga tchalitchi kapena sukulu. Njira yake muyende ndi ana masana kangapo, kuti ngakhale mutasiyana mumdima aliyense adziwe kolowera, ndipo ikhale njira yosadutsa pakhwawa, chifukwa madzi othamanga ongofika m'mawondo amagwetsa munthu wamkulu. Chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala ndi masatifiketi muziike m'jumbo yomanga bwino, muipachike pafupi ndi chitseko pamodzi ndi tochi.

Mmisiri womanga nyumba, Kawale:
Ndionjezere za nyumbayo. Khoma la zidina limayamba kufa kumunsi: madzi akadikha m'mphepete mwake kwa maola angapo, njerwa za pansi zimasanduka phala, khoma lonse n'kukhala pansi mosachenjeza. Kumbani ngalande kuzungulira nyumba yolozetsa madzi kumunsi, thirani dothi lotsendera m'munsi mwa khoma kuti madzi a padenga azitsetsereka, ndipo pakhomo muikepo matumba a mchenga. Mphasa ya ana ichoke kukhoma la mng'alulo lero lomwe. Ngati malata anatsinjiridwa ndi miyala, pemphani eni nyumba kuti amangidwe ndi waya, pakuti mphepo yamkuntho ikasasula denga miyala ija imagwera anthu m'nyumba.

Kwathu kuno ku Kawale, Mchesi ndi Biwi tinaona zoopsa kumapeto kwa 2017, ndipo mwa kuona kwanga vuto silinali mvula yokha. Ngalande zathu zimadzaza ndi majumbo ndi mabotolo, anthu akukumba mchenga ndi kuumba njerwa m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje, ndiye madzi akasowa njira amalowa m'nyumba. Pemphani amfumu aitanitse tsiku lofukula ngalande, chifukwa yanu yokha siithandiza ngati ya mnzanu wakumunsi yatsekeka.

Mayi wa zaumoyo, Area 25:
Madzi akaphwa ngozi imakhala isanathe. Zimbudzi zokumba zimasefukira n'kuipitsa zitsime, ndipo mukukumbukira kuti mu January 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera. Sunganiretu klorini ndi mapaketi a Thanzi ORS, madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira mankhwala, ndipo wina akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi apite kuchipatala msanga uku akumwa Thanzi m'njira. Komanso kadziwonetseni kwa amfumu kuti dzina lanu lidziwike, chifukwa ngozi ikagwa maina a okhudzidwa amadzera ku makomiti a m'madera ndi kukhonsolo asanafike ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo munthu wa lendi wobwera kumene savuta kuiwalika.

Bambo wa ku Chinsapo:
Zonsezi n'zabwino, koma ine sindibisa mawu: ngalande siingapulumutse nyumba yomangidwa m'njira ya mtsinje. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anapha anthu mazanamazana kuchigawo cha kummwera, ambiri mwa iwo okhala m'munsi mwa mapiri monga ku Chilobwe ndi m'mbali mwa mitsinje. Ngati muli ndi achibale okhala pamalo okwera, kambiranani nawo kuti ana azikagona kumeneko masiku amene kwachenjezedwa za mvula yamphamvu, makamaka mu January ndi February.

Mayi wa ku Mtandire:
Zikomo kwambiri nonse. Mphasa ndaisuntha kale, ndipo Loweruka ndikaonana ndi amfumu. Achemwali anga ku Area 25 avomera kumasunga ana. Bambo a ku Kawale, kodi ngalandeyo ikhale kutali bwanji ndi khoma?