Ndilembe dzina la yani pa chikwangwani? Osindikiza akufuna mawu Lachisanu

Mphunzitsi wa zokonza m'nyumba: Anzanga, ndathedwa nzeru. Ophunzira athu ali ndi chionetsero mwezi uno, ndipo akuluakulu alamula kuti pa chikwangwani cha pakhomo pakhale dzina limodzi la mayi amene anayambitsa ntchito yathuyi yokongoletsa m'nyumba. Ndinalemba Elsie de Wolfe, koma mnzanga wina wawerenga n'kundiuza kuti ndidzachita manyazi pamaso pa alendo. Osindikiza akufuna mawu onse Lachisanu m'mawa, ndipo ndalama yosindikizanso kachiwiri palibe. Ndilembe chiyani?

Bambo a mipando: Mayi, musasinthe kanthu. De Wolfe ndiye analandira ntchito yokongoletsa Colony Club, kalabu ya amayi ku New York, mu 1905, Stanford White, amene anajambula pulani ya nyumbayo, atamuvomereza, ndipo m'malo mwa zipinda zamdima zodzaza katundu de Wolfe anaika makoma owala, nsalu za maluwa ndi mipando yopepuka. Analipidwa chifukwa cha diso lake, ndipo ntchito imayambira pamenepo.

Wosoka makatani wa ku Zomba: Pepani bambo, koma ku London Rhoda ndi Agnes Garrett, omwe anali pachibale, anali kale ndi kampani yawo m'zaka za m'ma 1870, ndipo buku lawo la malangizo okonzera m'nyumba linatuluka mu 1876. Ku America komweko Candace Wheeler anagwira ntchito ndi Louis Comfort Tiffany, katswiri wa magalasi okongoletsa, kenako mu 1883 anaima payekha ndi kampani ya amayi okhaokha, ndipo ndiye anayang'anira kukongoletsa nyumba ya amayi pa chionetsero cha ku Chicago mu 1893. Mawu akuti "woyamba" ndi amene adzakupwetekeni.

Bambo a mipando: Wheeler anali munthu wa nsalu. Ine ndikunena za amene makasitomala ankamuitana kuti akonze chipinda chonse.

Mayi a ku Area 47: Achemwali, chimene mupewe kwambiri ndi chaka chobadwa cha de Wolfe, chifukwa mabuku ena amati 1859 pomwe ena amati 1865. Lembani za 1905 kapena za buku lake la 1913 basi. Ine ndinasindikizapo chikwangwani cha mamita atatu chokhala ndi chaka cholakwika, ndipo usiku wonse ndinakhala pansi pa khonde ndi lezala, ndikudula kapepala komata kuti ndibise nambala imodzi, koma dzuwa litatuluka chigambacho chinkaonekera patali. Musatengenso chithunzi pa intaneti musanatsimikize mwini wake, ndipo muumirire kuona pulufu, chitsanzo cha mmene chikwangwanicho chidzaonekere, musanalipire.

Bambo a mipando: Ndikubwerezabe, 1905 ndi de Wolfe. Enawo alembedwe m'munsi ndi zilembo zazing'ono.

Wojambula mapulani: Chimene chimandipweteka ine n'chakuti pa mndandanda wonsewu palibe amene watchula Florence Knoll, mayi wa ku America wokonza maofesi, yemwe ankakana kutchedwa wokongoletsa, popeza iye ankayamba wafufuza mmene anthu amagwirira ntchito mu ofesi asanasankhe mpando ngakhale umodzi. Sabata yatha kasitomala wina, nditamuonetsa pulani ya magetsi ndi miyeso ya makabati, anandifunsa ngati ndimamanganso mabaluni pa zinkhoswe. Kodi inu anzanga mumalemba dzina lanji la ntchito pa kotesheni kuti musamafunsidwe zoterezi?

Wosoka makatani wa ku Zomba: Ine ndinasiya kulemba dzina lililonse, ndimangoika chindapusa cha kuyeza ndi kujambula pa mzere wakewake, pamwamba pa mtengo wa nsalu.