Kodi chilala chingalowe bwanji m'mapulani a chitukuko cha m'mudzi?

Mlembi wa VDC, Balaka:
Ndine mlembi wa komiti ya chitukuko (VDC) m'dera la a gulupu athu. M'chaka cha 2024, ng'amba ya El Niño itawotcha chimanga m'minda mpaka boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 akhudzidwa ndi ngozi, tinapulumukira chimanga cha thandizo. Koma titakhala pansi kulemba zosowa za mudzi, anthu anatchula mdadada wa sukulu, mlatho ndi nyumba ya mphunzitsi, ng'amba osaitchula n'komwe. Kodi anzathu kwanuko mumatani?

Mlangizi wopuma:
Bambo mlembi, vuto lagona pa kafunsidwe. Mukafunsa kuti "mukufuna chitukuko chanji", aliyense amaganiza za njerwa ndi malata, chifukwa n'zimene zimaoneka ndiponso n'zimene andale amakonda kudzatsegulira. Yambani mwafunsa kuti mjigo uti umauma pofika Okutobala, dambo liti limasunga chinyontho, ndi mabanja angati amene chakudya chimawathera Disembala asanafike. Mayankho amenewo ndiwo mulembe ngati ntchito zooneka: kukumba maswale (ngalande zosunga madzi a mvula m'munda), kukonza mizere yakalozera, kuteteza mitengo m'mbali mwa mtsinje, kapena sikimu yaing'ono yamthirira. Kumbukirani kuti pulani ya khonsolo imachokera ku zimene ma VDC apereka kudzera ku ADC (komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu), kotero chimene simunalembe kumudziko n'chovuta kuti chidzapeze ndalama kuboma. Muitanenso a komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi kuti akhale nawo pa msonkhano womwewo, osati azikumana paokha mvula ikadula kale.

Mayi wa ku Chikwawa:
Ndikugwirizana ndi a mlangizi, koma amayi azifunsidwa paokha kaye, chifukwa pabwalo la amfumu ambiri salankhula, chonsecho ndiwo amadziwa mtunda wa kumadzi. Kuno ku chigwa cha Shire makolo athu ankadalira mapira ndi mchewere, ndipo mbeu zimenezi zikanayenera kulembedwa m'pulani pamodzi ndi nkhokwe yosungiramo mbeu ya mudzi wonse.

Mlembi wa VDC, Balaka:
Zikomo nonse. Za mapira ndikuona kuti zivutirapo, popeza ana a kuno anazolowera nsima ya chimanga, ndipo mbalame nazo sizisiya kanthu munda ukakhala umodzi wokha. Nandolo ndi chinangwa anthu savuta nazo. Ndikafotokozera a gulupu Loweruka lino, tiyambe ndi kuwerenga mijigo.