Kodi makompyuta angatipezere chotsekemera cholowa m'malo mwa shuga?

NaPhiri waku Bembeke:
Moni nonse. Mayi anga anawapeza ndi matenda a shuga, ndipo kuchipatala anawaletsa kuthira shuga m'tiyi. Mukudziwa mmene kuno kumazizirira mu June ndi July, munthu wachikulire sangayambe tsiku popanda tiyi wotentha. Panopa amangolawa n'kusiya, akuti ndi madzi chabe. Zikundiwawa mumtima. Mwana wa achimwene anga akuti asayansi akugwiritsa ntchito makompyuta ophunzira okha pofufuza zotsekemera zatsopano zosakweza shuga m'magazi. Ndi zoona? Nanga kompyuta yopanda lilime ingadziwe bwanji kuti ichi n'chotsekemera?

Mphunzitsi wa sayansi, Ntcheu:
Ndi zoona ndithu, mayi. Kale zinthuzi zinkapezeka mwangozi. Saccharin anaitulukira mu 1879, aspartame mu 1965, ndipo ponse pawiri wasayansi anangomva kutsekemera pa zala zake atagwira mankhwala. Aspartame imatsekemera pafupifupi ka 200 kuposa shuga.

Pa lilime pathu pali mapuloteni awiri ogwirira limodzi, T1R2 ndi T1R3. Kanthu kakakwana bwino pamenepo, ngati kiyi pa loko, timamva kutsekemera. Ndiye asayansi amaipatsa kompyuta mndandanda wa mankhwala ambirimbiri omwe anthu analawa kale, otsekemera ndi owawa omwe, pamodzi ndi kapangidwe kawo. Ikaphunzira, imasefa ena ochuluka omwe palibe anawalawapo n'kulozera ochepa oyenera kuyesedwa. Kulawa ndi kuona ngati si oopsa ndi ntchito ya anthu, ndipo imatenga zaka.

Chondisangalatsa ine n'chakuti mapuloteni ena otsekemera kwambiri, thaumatin ndi brazzein, amachokera ku zipatso za kuno ku Africa, chigawo cha kumadzulo. Asayansi akuyesa kuwakonza ndi makompyuta omwewa kuti azipirira bwino kutentha.

Namwino waku Dedza:
Achemwali, musadikire zatsopanozo, mayi akufuna thandizo lero. Zotsekemera monga stevia ndi sucralose zilipo kale, ndipo timapilitsi totsekemera timapezeka m'masitolo akuluakulu ku Lilongwe. Mu 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linati zotsekemerazi zisamagwiritsidwe ntchito pofuna kuchepetsa thupi, koma malangizowo sanali okhudza anthu amene ali kale ndi matenda a shuga. Pa ulendo wawo wotsatira wa kuchipatala mupite nawo, mukafunse limodzi.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi mbale. Ambiri amasiya shuga wa m'tiyi koma masana nsima ya ufa woyera mitanda itatu, madzulo kachewere. Zonsezi zimasanduka shuga m'thupi. Achepetse nsima, akonde mgaiwa, masamba ndi nyemba zichuluke.

NaPhiri waku Bembeke:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Za mgaiwa ndikambirana nawo usiku uno. Anamwino, amamwanso mankhwala a BP. Kodi timapilitsito tingayenderane ndi mankhwalawo, kapena ndiyambe ndaonetsa paketi kwa adokotala?