Maphunziro a zamagalimoto kapena a zamakompyuta: mwana asankhe ati pofunsira malo ku yunivesite?

Malume wa ku Ngabu

Ndikupempha nzeru kwa aphunzitsi ndi ena onse odziwa za maphunziro a ukachenjede. Mwana wa mlongo wanga wakhoza mayeso a MSCE ndi mapointi 17, ndipo Masamu anapeza 2, Fizikisi 3, Chingerezi 4. Iyeyu mtima wake uli pa magalimoto, moti tchuthi chilichonse amakhalira kuthandiza pa galaja ina kuno ku Ngabu. Mayi ake akufuna kuti achite za makompyuta, ati umakaniko munthu amaphunzira ndi manja osati ndi digiri. Kodi maphunziro awiriwa amapezeka kuti, amafuna zotani, nanga mwana wa kuno kuchigwa angapindule kwambiri ndi ati?

Mphunzitsi wa ku Nsanje

Bambo, choyamba dziwani kuti kusankhira ophunzira ku mayunivesite aboma kumachitika kudzera ku bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede la NCHE, ndipo mwana amalemba maphunziro amene akufuna motsatira m'mene akuwakondera. Aliyense amayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, kutanthauza magiredi oyambira 1 mpaka 6, pakuti 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe.

Digiri ya uinjiniya wa magalimoto (Automobile Engineering) imaphunzitsidwa ku yunivesite ya MUBAS ku Blantyre, imene kale inali Polytechnic isanapatuke ku University of Malawi mu 2021, ndipo imatenga zaka zisanu. Kumeneko amayang'anitsitsa Masamu, Fizikisi ndi Kemisitiri, choncho mutiuze kuti Kemisitiri anapeza bwanji, chifukwa simunatchule. Ana ambiri a m'masukulu a CDSS kuno amagwera pamenepa, osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa amafika Folomu 4 asanagwirepo zipangizo za mu labu. Za makompyuta zili m'malo angapo ndipo zimatenga zaka zinayi: Computer Science ku UNIMA ku Zomba, Computer Systems and Security ku MUST ku Thyolo, Information Technology ku MUBAS komweko, ndi ICT ku Mzuzu University. Konseko chimene chimalamula ndi Masamu.

Mlongo wanuyo akulakwitsa pang'ono pomayesa kuti injiniya wa magalimoto ndi makaniko ndi munthu mmodzi. Wophunzira uinjiniya amathera nthawi yaitali pa masamu a kalikulasi, kujambula mapulani a zipangizo, kuphunzira kulimba kwa zitsulo ndi m'mene kutentha kumasandukira mphamvu mu injini, ndipo sipanala amaigwira pang'ono poyerekeza ndi cholembera. Mwanayo auzidwe zimenezi asanasankhe, kuti asakakhumudwe chaka choyamba.

Makaniko wa pa Nchalo

Aphunzitsi anena zoona, koma ine ndiyankhule monga munthu wa pa galaja. Kugawa magalimoto ndi makompyuta ngati zinthu zotalikirana kunatha. Sienta kapena galimoto ina iliyonse yochokera ku Japan imene imabwera kwa ine ili ndi kompyuta yake yoyendetsa injini, ndipo nyale ikayaka pa dashibodi, ndimalumikiza makina pa kabowo ka OBD kamene kamakhala pansi pa chiwongolero, kenako makinawo amanditulutsira nambala ya vuto. Ndaonapo galimoto imene inasinthidwa pampu ya mafuta ndi mapulagi onse, mwini wake atawononga ndalama zambiri, pamene vuto linali kawaya ka sensa kamene kanadyedwa ndi dzimbiri galimotoyo itamira m'madzi osefukira a namondwe wa Freddy mu 2023. Amene amangodalira khutu ndi nyundo sakanalipeza. Magalimoto oyendera petulo ndi batire pamodzi, monga Aqua ndi Prius, ndiye amafunanso kusamala kwina, chifukwa magetsi ake akhoza kupha munthu wosaphunzira.

Ntchito kuno ilipo. Minda ya nzimbe ili ndi mathirakitala, malole ndi mapampu othirira, ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme ikubweretsa makina ena, ndipo magalimoto owira madzi pokwera phiri kuchokera pa Thabwa kapena otha mabuleki potsika sasowa. Ngati mwanayo sangasankhidwe ku MUBAS, musaone ngati chitseko chatsekeka. Ine ndinadzera ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito za manja, ndipo makoleji ngati Nasawa amaphunzitsa umakaniko (Automobile Mechanics) mophatikiza kalasi ndi ntchito ya manja. Koma mwana wopeza 2 Masamu, ine ndinganene kuti ayambe wayesa digiri.

Wophunzira wa ku Bangula

Amalume, ine ndikuchita za makompyuta, ndipo ndikufuna kuchenjeza pa mfundo imodzi. Ambiri kwathu amaganiza kuti maphunzirowa ndi odziwa kutaipa, kukonza mafoni kapena kugwiritsa ntchito Facebook. Chimene timaphunzira ndi kulemba mapulogalamu, kusanja ndi kusunga deta, kulumikiza makompyuta, ndi masamu a kalingaliridwe amene amafuna munthu woleza mtima, wotha kukhala maola ambiri akufufuza pamene pulogalamu yalakwika. Wosakonda zimenezi amatopa msanga, ngakhale atakhala wanzeru. Ndaona anzathu amene anabwera chifukwa chokakamizidwa ndi makolo akuvutika kwambiri, pamene ena amene anayamba kugwira kompyuta atafika kale ku yunivesite akuchita bwino chifukwa anazikonda.

Musaiwalenso za ndalama. Laputopu ndi yofunika pa maphunziro onse awiri, pakuti ngakhale a uinjiniya amajambula mapulani pa kompyuta. Ngongole ya ophunzira imafunsiridwa padera ku bungwe la HESLGB, ndipo si onse ofunsira amene amaipeza, choncho banja liyambe kukonzekera thonje kapena mbuzi zikagulitsidwa.

Malume wa ku Ngabu

Zikomo nonse. Kemisitiri anapeza 4. Kodi pamenepa tilembe chiyani poyamba?

Mphunzitsi wa ku Nsanje

Giredi 4 ndi kirediti, koma malo ndi ochepa ndipo amapikisana ndi ana a dziko lonse, kotero palibe angakulonjezeni. Maganizo anga ndi akuti Automobile Engineering ikhale yoyamba popeza ndi imene mwini wake akuifuna, za makompyuta zibwere pambuyo pake, ndipo fomu ya TEVETA atumizenso ikatuluka. Musanalembe kalikonse, werengani chilengezo cha NCHE cha chaka chino mzere ndi mzere, chifukwa magiredi ofunika pa phunziro lililonse amalembedwa mmenemo ndipo nthawi zina amasintha.