Funso: Tingadziwe bwanji ngati atate athu okalamba akuyenerabe kuyendetsa galimoto?

Wofunsa:

Moni nonse a m'gulu lino. Ndikupempha nzeru kwa anthu odziwa za umoyo ndiponso za malamulo a pamsewu, ndipo dzina langa ndalibisa chifukwa nkhaniyi ikukhudza makolo. Atate anga ali ndi zaka 76, anapuma kalekale pa ntchito ya uphunzitsi, ndipo amayendetsabe vaneti yawo kuchokera kuno ku Chipata kupita kumunda kwawo cha ku msewu wa ku Lundazi, komanso nthawi zina ku Katete kukaona azakhali athu. Laisensi yawo sinathe, ndipo moyo wawo wonse sanachitepo ngozi yoti munthu n'kuitchula.

Chatidetsa nkhawa ndi chimene amayi akhala akutiuza, chakuti kukada, galimoto yochokera kutsogolo ikawalitsa nyali, atate amachepetsa liwiro mpaka kutsala pang'ono kuima pakati pa msewu, kwinaku akudandaula kuti madalaivala a masiku ano sadziwa kutsitsa nyali. Akafuna kubwerera m'mbuyo amatembenuza thupi lonse chifukwa khosi linauma. Ine ndinaona ndekha pafupi ndi msika wa Kapata, pamene wanjinga wonyamula matumba a makala anawapitirira chakumanzere, ndipo iwo sanamuone mpaka atafika kutsogolo kwa bampala. Atate amamwa mankhwala a shuga ndi a BP tsiku lililonse.

Alongo anga aakulu akuti tingobisa makiyi basi, koma ine sindikugwirizana nazo, chifukwa zaka zokha si umboni, ndipo anyamata ambiri a njinga zamoto m'tauni muno amayendetsa moopsa kuposa atate. Chimene ndikufuna ndi kuwapimitsa mwachilungamo. Kodi amapima chiyani, kuti, ndipo woyenera kuwauza ndani?

Yankho la namwino wa za maso:

Amayi, zimene mwalongosolazo zikuloza kumaso, ndipo n'kumene muyenera kuyambira. Kuthobwa ndi nyali usiku kawirikawiri kumabwera ndi ng'ala, chifukwa kagalasi ka m'kati mwa diso kakachita chifunga kamamwaza kuwala konse, ndipo munthu amaona mbuu. Kusaona wanjinga wodutsa pambali kungakhale vuto lina lotchedwa glaucoma, limene limayamba kudya m'mbali mwa malo amene munthu amaona, popanda ululu uliwonse, moti mwini wake amalumbira kuti amaona bwinobwino popeza kutsogolo kumaonekabe. Shuga nayenso amawononga timitsempha ta kuseri kwa diso.

Choncho musakhutire ndi kuwerenga zilembo za pakhoma ataima mamita 6, ngakhale kuti ndiko kupima koyamba. Pemphani kuti awapime kuona kwa m'mbali, mphamvu ya madzi a m'diso, ndipo awathire mankhwala otsegula mwanadiso kuti aone kuseri. Tsiku limenelo asayendetse okha, chifukwa mankhwalawo amasokoneza maso kwa maola angapo. Mutha kupita ku Chipata Central Hospital kapena ku Mwami Adventist Hospital, kumene ntchito ya maso inazika mizu. Ngati ndi ng'ala musataye mtima, popeza opaleshoni yake ndi yaifupi ndipo anthu ambiri amaonanso bwino pambuyo pake. Glaucoma ndiyo sibweza chimene yadya, koma mankhwala amateteza chimene chatsala.

Munyamulenso mapaketi onse a mankhwala awo kuti adokotala awaone. Mankhwala ena a shuga amatha kutsitsa shuga kwambiri munthu akadumpha chakudya, ndipo amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusokonezeka ali pa chiwongolero. Ngakhale Piriton wa chimfine amagonetsa.

Yankho la mphunzitsi wa madalaivala:

Ndikuwonjezera pa zimene anena anamwino. Laisensi ya galimoto wamba yochokera ku RTSA, bungwe loona za pamsewu muno m'Zambia, imakhala zaka 5, ndipo kwa munthu wa zaka 76 nthawi imeneyo ndi yaitali, moti kakhadi kokhala m'thumba sikakuuzani mmene akuyendetsera lero. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita pafupifupi 22 pa sekondi imodzi yokha, ndiye phazi likachedwa sekondi imodzi kuchoka pa mafuta kupita pa buleki, pa Great East Road pamene mbuzi, ngolo ndi ana asukulu zimatulukira mwadzidzidzi, mtunda umenewo ndi waukulu.

Maso akapimidwa, pezani mphunzitsi wa madalaivala wachikulire kuti akwere nawo ola limodzi, masana, m'misewu imene amaizolowera ndi ina imene sayendamo kawirikawiri. Ife timaona ngati akusunga mzere wawo, ngati amayang'ana magalasi asanakhote, ngati amayerekeza bwino mpata pokhotera kumanja modutsa magalimoto ochokera kutsogolo, ndiponso ngati phazi silisokoneza buleki ndi mafuta. Inu ana musakhale oweruza, chifukwa kholo likaona mwana ali ndi kope pampando wa pambali limakwiya kapena kunjenjemera, ndipo zotsatira zake sizikhala zoona. Yenderaninso galimotoyo mozungulira muone ngati pali zokalika zatsopano zimene iwo sakudziwa kumene zinachokera.

Yankho la mayi wokhala ku England:

Kuno laisensi imatha munthu akakwanitsa zaka 70, ndipo kuchokera pamenepo amaikonzanso zaka 3 zilizonse. Dalaivala aliyense ayenera kutha kuwerenga nambala ya galimoto ali pa mtunda wa mamita 20, ndipo zimenezi mungathe kuyesa pabwalo mawa lomwe. Ku Japan, oyambira zaka 75 amayesedwa kukumbukira pokonzanso laisensi. Mbali imeneyi palibe amene waitchula pano, choncho funsani amayi ngati atate anasokerapo pa njira imene amaidziwa, kapena kuiwala kumene akupita. Zikakhala kuti zinachitikapo, auzeni adokotala, amene angawapemphe kujambula wotchi ndi kuikamo manambala ndi mivi, kapena kubwereza mawu angapo pakapita mphindi zochepa. Matenda a kuiwala ndiwo ovuta kwambiri, chifukwa mwini wake sazindikira kuti wasintha.

Yankho la bambo wachikulire wa ku Chadiza:

Mwana wanga, ine ndili ndi zaka zofanana ndi atate ako, ndipo ndinasiya ndekha kuyenda usiku popanda wondikakamiza. Auze alongo akowo kuti kubisa makiyi a munthu amene anawaphunzitsa kuwerenga ndi chipongwe, ndipo atate akowo adzangopita kukasulitsa ena kumsika. Galimoto imeneyo ndiyo imawafikitsa kumunda, kutchalitchi ndi kumaliro popanda kupempha munthu. Mawu otere asatuluke pakamwa pa mwana. Pita kwa azakhali ako ku Katete, kapena kwa mkulu wa mpingo wa msinkhu wawo, kuti awauze za kukapimitsa maso chifukwa cha shuga, za galimoto zibwere pambuyo adokotala atalankhula. Pakali pano mugwirizane kuti aziyenda masana okha, asayende mvula ikugwa, ndipo ulendo wa ku Katete azipita ndi mdzukulu wa laisensi.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu atate a ku Chadiza. Ndalankhula ndi azakhali pafoni ndipo avomera kubwera kumapeto kwa mwezi. Amayi akuti atate sanasokerepo njira, koma kumunda amanyamuka mamawa asanadye kanthu atamwa kale mankhwala a shuga, ndipo zimenezi tiyamba kukonza mawa. Ndili ndi funso lina kwa anamwino: ngati apezeka ndi ng'ala m'maso onse awiri, kodi amachita opaleshoni diso limodzi kaye, ndipo ndani amene amanena kuti tsopano angayambenso kuyendetsa?