Apple crisp wanga akutuluka wonyowa pamwamba

Wofunsa: Masamba ayamba kuyoyoka, maapozi ndi ambiri, ndiye dzulo ndinaphika apple crisp. Fungo la sinamoni linadzaza nyumba yonse, koma pamwamba panafewa ngati phala, pansi madzi okhaokha. Batala ndinamusungunula kaye. Ndalakwitsa pati, amayi anzanga?

Woyankha woyamba: Achemwali, batala akhale wozizira. Mumufikise ndi zala mu fulawa, oats ndi shuga wabulauni mpaka zioneke ngati nyenyeswa. Uvuni 180°C, mphindi 45, osavindikira.

Woyankha wachiwiri: Maapozi ake ati? Ine ndimakonda Granny Smith, owawasa aja, safewa msanga. Muwaze supuni imodzi ya cornflour pa maapoziwo, madzi aja amalimba. Mukaphula, dikirani mphindi 15.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Ndinavindikiradi ndi foil. Loweruka ndiyesanso.