Kodi munthu angadye ndi kulemba komanso kudayirekita zisudzo kuno ku Lilongwe?

Wa ku 25:
Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Ine zolemba masewero ndinayamba ndili ku sekondale, panopa tili ndi kagulu kathu timapanga ma rihesalo mu kalasi ina ana akaweruka. Ndalemba sewero loti muli nyimbo ndi magule, osati zongoyimba poyamba ndi pomaliza zija ayi, koma nkhaniyo izidziyenda ndi nyimbozo. Kunyumba akuti ndisiye zachibwana ndikasake ntchito. Ndiye alipo munthu pa Malawi pano amene anadyapo ndi zisudzo basi, osagwira ntchito ina?

Madala a ku Kawale:
Mwana wanga, dzina loti Du Chisiza unalimvapo? Dunduzu Chisiza Junior, anabadwa 1963. Ameneyo anayamba ngati iwe, ali mwana wa sukulu ku HHI ku Blantyre anapambana mpikisano wa ATEM, wa zisudzo za Chingerezi wa masukulu a sekondale, ndi sewero lake la The Deceased's Attack, kenako anakaphunzira za zisudzo ku Philadelphia, ndipo atabwerako anakhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, gulu loti anthu ake zisudzo ndiye inali ntchito, osati zopanga ukaweruka. Kulemba yekha, kudayirekita yekha, pa siteji aliponso, ndiye sewero likayamba ku French Cultural Centre ku Blantyre ife a ku Lilongwe timangodikira kuti tiwone mapositala pa mitengo ndi pa zipupa za magolosale. Tsiku lake likafika timatchena ngati tikupita ku ukwati, ochedwa kumaonerera chiimire kumbuyo, ndipo nthawi imeneyo mawu ena akayankhulidwa pa siteji umayamba wayang'ana amene wakhala naye pafupi usanaseke. Munthu uja anafika mpaka pokhala nduna mu 1993 nthawi ya Kamuzu, zimene ena sanasangalale nazo, koma imeneyo ndi nkhani ina. Anamwalira mu 1999 ali ndi zaka 35 zokha. Gertrude Kamkwatira anapitiriza gululo kenako nkuyambitsa lake la Wanna-Do, nayenso kulemba ndi kudayirekita yekha mpaka 2006 pamene anatisiya. Ndiye zinatheka. Koma chomwe ndinaona ine, anthu aja samalemba sewero limodzi nkumalisisita chaka chonse, ili likutha lina lili kale pa rihesalo.

Nachisale:
Madala mwanena zoona koma musamunamize mwanayu, nthawi ya Du TV kunalibe, TVM inabwera 1999, mafoni a intaneti awa kunalibe, munthu Lamulungu masana upita kuti? Lero aliyense ali pa TikTok akuseka zaulere. Komanso masewero a Du ambiri anali a Chingerezi, amene amadzadza holo ndi anthu wamba anali a Kwathu, Izeki ndi Jakobo, Chichewa chokhachokha. Achimwene a ku 25 ngati lanulo ndi la Chingerezi dziwani kuti oonera anu ndi ochepa, anthu omwe aja opita ku Madsoc, malo oonetsera zisudzo kuno ku Lilongwe, ndi ana a sukulu.

Ine ndadya ndalama ya zisudzo koma si ya pa geti, ndi ya mabungwe. Amakuyitana kuti tipangireni sewero la kolera kapena la maukwati a ana, mukakachite mmidzi, alawansi ilipo thiransipoti ilipo. Koma sikilipiti imabwerako itafiira ndi bolopeni, pamene unalemba agogo akulalata iwo aikapo agogo akutchula mfundo zonse za mu lipoti lawo mwandondomeko, agogo ake ati oyankhula choncho kkkk. Ndalama yake kubwera mochedwanso, ma akitala kumakuyimbira iwe ngati wawadyera. Imadyetsa inde koma ukakhalitsako dzanja limazolowera, sewero lililonse umangolemba lothera kwa amfumu akupereka malangizo.

Rasta wa Biwi:
Aise ine ndiyankhe za nyimbozo poti ndimaimba kiyibodi. Sewero la nyimbo ndi lodula kuposa mmene ukuganizira, ukufunika anthu oti amatha kuchita sewero komanso kuimba osapuma wefuwefu atangovina kumene, ndipo amenewo ndi osowa, woimba bwino kwaya ukamupatsa mawu oti ayankhule amauma ngati chitsa. Ndiye ma mayiki, bandi, jenereta poti magetsi akathima pakati pa nyimbo basi zathera pompo. Usathamangire kubuka holo yaikulu. Dula sewerolo, tenga nyimbo zochepa ndi tizisudzo tifupitifupi toseketsa, anthu atatu kapena anayi ndi kiyibodi imodzi, ukapemphe malo ku ma loji ndi malo odyera Lachisanu madzulo anthu akudya ndi kumwa. Pamenepo ndi pomwe udziwe ngati nyimbo zako zili bho, chifukwa munthu amene wagwira botolo sakunyengerera, ikabowa amangotembenuka nkumacheza ndi mnzake. Mwini malo mugwirizane ndalama musanakwere siteji, osati zoti tiona mmene anthu abwerere.

Madala a ku Kawale:
Rasta wanena za nzeru. Ndiwonjezere, sewero loonetsa ku gulu limayenera kudutsa ku Censorship Board, usazitenge mwachibwana makamaka ngati muli ndale. Mwana wa Du yemwe, Thlupego, apolisi anakamutenga sewero lili mkati ku Blantyre mu 2011. Za nyimbozo ukalembetsenso ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina. Koma a Nachisale, zoti anthu anasiya kukonda siteji ine ndikukana, pitani mukaone mipikisano ya ana a sekondale mmene kumadzadzira.

Nachisale:
Kumadzadza ana oti sanalipire a madala, walipira ndi a hedi.

Wa ku 25:
Zikomo nonse, langali ndi la Chichewa asisi, Chingerezi muli pang'ono pomwe pali bwana wina wa ku Capital Hill. Kunyumba ndiwauza kuti ntchito ndisaka koma gululo sindisiya. A Rasta kiyibodiyo ndi yanu kapena mumabwereka? Ife timakumana Loweruka masana, mutabwera mudzamve nyimbo ziwiri zokha mundiuze ngati zingatheke popanda ng'oma, chifukwa woimba ng'oma wathu anapita ku Joni.